Chenjezo Limene Yusufu Anazimitsa

Lachinayi, pa famu ya fodya ku Selous. Kwatentha, ndipo mtima ukundiwawa.

Pampu yothirira fodya yapsa lero. Manijala atafunsa chifukwa, ndinatsegula pulogalamu yotsata mmene pampuyo imayendera. Ndinapeza bafa, malo a mu pulogalamuyo osungiramo zolembedwa za pampuyo, itadzaza kalekale, za sabata ino zitatayika. Bafayo ikamadzaza, chenjezo limalira pa foni ya mu ofesi. Yusufu, mng'ono wanga amene ndinamupezera ntchito ine ndemwe, analizimitsa poti linkamusokoneza poonera mpira. Wandiuza yekha tili kupampuko.

Koma pamaso pa manijala wangondiloza, n'kunena m'Chishona kuti, "Handizivi, bvunzai uyu," kutanthauza kuti, "Sindikudziwa, funsani uyu."

Uyu! Ine ndasanduka uyu. Panopa ali pakhomo akugogoda, ati, "Achimwene, tanditsegulirani." Lero lomweli ndakhalanso achimwene...