Shati ya Ba Yusufu

Lachinayi madzulo, Matero. Manyazi andigwira tsiku lonse.

Ba Yusufu, atelala oyandikana ndi kashopu kanga kokonzera mafoni, andibweretsera shati yatsopano yondithokozera.

Chaka chatha machipi, taubongo ta m'foni tija, anachuluka mpaka kusowa ogula, ndiye masheya a kampani ina yakunja yopanga zipangizo zopangira machipiwo anagwa. Ndine ndinawalimbitsa mtima Ba Yusufu kuti katundu akasefukira ndiyo nthawi yogula, ndipo asagulitse zivute zitani. Tinagula limodzi pafoni. Mtengo utatsikanso, mantha anandigwira ndipo anga ndinagulitsa moluza, osawauza. Iwo anapirira, pano masheya akwera.

"Ba Phiri, imwe ndimwe aphunzitsi," atero. "Anu nawo akwera bwino, ai?"

Ndangovomera ndi mutu. Shatiyo ndaiyesa pamaso pawo, yandikwana ndendende. Sananditengepo miyeso. Akuti sanafunikire, amandidziwa bwino.

Apempha kuti Lamlungu ndikaphunzitseko abale awo, nditavala shatiyo. Apanso ndavomera.

Ili apo pamsomali. Mawa ndiwauza zoona. Kapena Loweruka, ngati kushopu kwawo kulibe anthu...