Atate Akufuna Kubwerera Pansanja

Amayi, mwaswera bwanji kumeneko?

Kuno ku Kakumbi mvula yagwa bwino, chimanga chamasula ngayaye. Mkazi wa mchimwene wanga Yobe wachira, mwana ndi wamkazi, tamutcha dzina lanu. Digiri ija ndinatenga, koma ntchito kuli zii, ndatopa nako kudikira. Wodwala wanga woyamba ndi atate. Sitiroko inawagwira mutangotisiya. Dzanja lamanja linafooka, mwendo amachita kukoka.

Kuyunivesite anatiphunzitsa kuti ntchito yathu si kuwongola dzanja chabe. Timayang'ana zitatu pamodzi: munthuyo, malo amene amakhala, ndi ntchito imene imamuchititsa kudzimva kuti ndi munthu. Wosankha chofunika ndi wodwala, osati ife. Ndinazikonda zimenezi, Amayi. Ndinkanyansidwa ndi madokotala olamula akuluakulu ngati ana, ndinkati ndikafika kwathu ndikasintha zonse.

Ndiye ndinawafunsa atate chimene akufuna kuchitanso. Ndimayesa anena zomanga mabatani kapena zopita okha kutchalitchi. Iwo akuti akufuna kubwerera pansanja kumunda, kukalondera njovu. Akuti mabataniwo ndidzamangire mwamuna wanga, ngati alipo amene angapirire pakamwa panga.

Ndinayesa kuwapatutsa. Ndinawapatsa ntchito youmba njerwa za ndowe ya njovu ndi tsabola, zija timafukiza m'mphepete mwa munda. Kukanya kumalimbitsa zala, ndipo zalimbadi, kapu akugwira okha tsopano. Koma akaumba njerwa amafunsa kuti akaiyatsa liti. Ndimati ndikuwatsekera njira, osadziwa kuti ndikuilambula.

Yobe wawonjezera mitanda pamakwerero a nsanja, wamanganso nsungwi yogwirira, poti tinaphunzira kuti thupi likakana, sintha malo. Dzulo masana atate anakwera mpaka pamwamba, n'kukhala pamenepo akuseka. Chichokereni inu ndinali ndisanawaone mano. Koma kutsika kwake, Amayi. Nyemba zikanapsa pamoto iwo akadali pakati pa makwerero. Njovu sidikira munthu. Masikauti oteteza nyama akuti gulu lina lawoloka kale mtsinje wa Lupande, ndipo lili ndi ana.

Munkandinena kuti ndimayenda ngati ndasiya ndiwo pamoto. Lero ndaima, sindikudziwa kolowera. Ndikawaletsa, abwerera pampando paja ndinawapeza, akuyang'ana khoma, chakudya akungochitokosa. Ndikawalola, mwina ndikhala ndawapereka ndekha. Zoopsa zonse ndawafotokozera, amva, akuti munda ndi wawo ndipo moyo ndi wawo. Mawu amenewa ndi omwewo ndinalemba pamayeso n'kukhoza nawo.

Ine maphunziro andimanga pakamwa. Koma inu simunalumbire kwa mphunzitsi aliyense. Bwerani kutulo mudzawakalipire monga munkachitira, inu nokha ndi amene ankakuopani.

Mukapanda kubwera, Loweruka usiku akukwera kukalondera, ndipo ine ndikwera nawo. Ndikukulonjezani kuti kaya kubwere chiyani m'chimangamo, phazi langa silidzaponda pansi iwo asanatsike.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu wothamanga uja,
Dailesi