Msomali Watenga Jezi Yanga

Loweruka, 6 Julaye
Nambala 9 yapita. A Tobias, kochi wathu, aipereka kwa Guled, Msomali wogulitsa mushopu ya amalume ake pa Songani. Miyendo ngati nsungwi. Wagoletsa zinayi, chimodzi ndi msana, akuthawa mpira. Ine pabenchi. Benchi yake ndi mwala.

Lachitatu, 10 Julaye
Akuti anasewerapo timu ya dziko lake. Ndamufunsa ndekha. N'zoona. Atangolowa, oyimbira anathetsa masewera asanaugunde n'komwe mpira. Akunena akuseka. Koma kuno ku Domasi ndi "a Intanashonolo" basi. Zuwena, chibwenzi changa, akukagula mchere kushopuko tsiku lililonse. Kwawo mchere wadzaza ndowa.

Lamlungu, 21 Julaye
Tafika fainolo. Mphoto yake mbuzi. Anaimangirira pagolo kuti tiione, yadya ukonde.

Lachiwiri, 30 Julaye
Guled amuitana kwawo, timu ya dziko. Ndege ikunyamuka tsiku la fainolo yathu. A Tobias awaimbira okha anthuwo: "Tibwerekeni kaye, tikubwezerani Lolemba." Mayunitsi n'kutha. Komiti yabisa nsapato zake muthumba la mpunga, yaikanso alonda awiri pa siteji ya Songani kuti asathawe.
Ndamupeza kuseri kwa shopu akulira. Mayi ake ali ku Mogadishu, sanawaone chichokere ali mwana. Timu ikakumana komweko.
Ndamva chisoni. Zandikwiyitsa.

Loweruka, 3 Ogasiti
M'mamawa ndamukweza Guled panjinga, njira ya kudimba, mpaka ku Malosa. Ndamuveka chitenje ndi mpango za achemwali anga. Kondakitala wa minibasi ya ku Lilongwe wamufunsira mbeta. Nsapato ndamupatsa zanga, yakumanzere yoyasama ija. "Isaki, ukagoletse," anatero pawindo.
Sindinagoletse. A Tobias atamva, anandibweza pamwala n'kuvala okha jeziyo. Inathera pamchombo. Taluza. Mbuzi yakwera njinga yamoto, ikutiyang'ana.

Lachisanu, 9 Ogasiti
Palibe wondipatsa moni. Ngakhale a Shehe angondigwedezera mutu.

Lachinayi, 15 Ogasiti
Mudzi wonse muvidiyo sho kuonera timu ya dziko la Guled, netiweki ikudukaduka. Guled analowa chakumapeto. Chithunzi chinaima ali m'malere. Chitabwerera, mpira uli muukonde, nsapato yanga ilinso momwemo, iye akuthamanga ndi sokosi. A Tobias anakwera pabenchi kukuwa kuti chigolicho n'cha Domasi, nsapato ndi yathu. Anthu omwe aja andinyamula mpaka pamseu. Anandigwetsa kawiri.

Lachisanu, 16 Ogasiti
Guled waimba. Akuti mayi ake akufuna kulankhula nane. Ndati, "Salamu alaikumu, amayi." Ayankha, kenako Chisomali chokhachokha, akulira. Ine n'kuyamba kuwafotokozera za mbuzi, m'Chichewa, sindikudziwa chifukwa chake. Iwo akuvomera. Ndalira nanenso, pakati pa msika, pafupi ndi ogulitsa tomato. Palibe amene amafuna kuyamba kudula foni.