Chimene chinkagogoda m'galimoto

Mwana wanga Sitefano,

Landira moni wochokera kuno ku Mtakataka. Tonse tili bwino, kupatula mawondo angawa. Mlongo wako Agnesi tsopano ndi namwino weniweni, m'bale wako Piyo wayamba kuphunzitsa ku Golomoti, ndipo iwe unatitumizira galimoto kuchokera ku Joniko. Ndani pamudzi pano anabala ana otere?

Koma galimotoyo yandichititsa manyazi. Tikuchokera ku Bwanje ndi matumba a mpunga, injini inayamba kugogoda ngati muli munthu wofuna kutuluka. Tikaima, zii. Tikanyamuka, gogogo! Ine ndinati basi, ndi amalume ako a Zakeyu, paja ankaizungulirazungulira tsiku limene inafika. Ndinawanena pamaso pa anthu kuti aithira mankhwala.

Makaniko atatsegula boneti, anatulutsa kabotolo ka madzi odalitsa komangidwa ndi waya pafupi ndi fani. Waya anali atamasuka, kabotolo n'kumamenya chitsulo. Amayi ako anagwira kumutu, amvekere, "Mayo ine! Ndinamanga ndine, kuti musachite ngozi pamsewu."

Tsopano amalume sakupondanso pakhomo pano, ndipo akuti za unkhoswe wa Agnesi tifune wina. Iwe amakumvera, chonde uwaimbire foni, uwafewetse mtima. Mulungu akusunge kumeneko.

Abale onse tikumana Loweruka lotsatira Khirisimasi. Ndidzawapepesa alamu angawo pamaso pa anthu omwe aja, ndi ukulu wangawu. Usalephere kubwera, udzaime pambali panga.

Ndine bambo ako.