Kapu ya Ulusi Wofiira

Lachinayi, 14 Ogasiti. Tsiku lolemera, mwera kuwomba kuyambira m'mawa.

A NyaGondwe, mphunzitsi mnzanga kuno ku Chilumba, abwerako kuchipatala ku Mzuzu ndi zotsatira. Si TB. Miyezi isanu ndi umodzi yonse ija ankamwa mapiritsi pachabe! Akuti ndi khansa ya m'mapapo, mtundu wosowa moti dokotala anachita kufunsa anzake. Munthu woti ndudu sanaigwirepo chibadwire.

Chikundidya ine ndi kapu. Atayamba kutsokomola chaka chatha, ndine ndinamanga ulusi wofiira pa kapu yawo mu ofesi, n'kuiika payokha pawindo. Ndinkati ndikuteteza anzanga. Iwo sanadandaulepo. Nthawi ya tiyi ankangotenga kapu yawoyo n'kukakhala okha pansi pa mtengo wa mango.

Lero atipeza tikumwa tiyi. Aonda, mawu akuchita kukoka. Atifotokozera zonse, kenako andiyang'ana n'kuseka: "Madamu Phiri, musaopenso. Iyi siyopatsirana, ndi yanga ndekha."

Ndasowa poyang'ana. Ndadula ulusi uja ndi mano, ndathira tiyi, ndayamba ndamwako ineyo, n'kuwapatsa. Angothokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene," n'kukhala pakati pathu.

Lolemba akupita ku Lilongwe kukayamba chithandizo, ndipo sakudziwa kuti abwerako liti. Potsanzikana andigwira mkono, ati ndiwasungire kapu yawo. Ndavomera ndi mtima wonse.

Poweruka ndatsuka makapu onse, ndawaika pamodzi. Onse ndi oyera, onse ndi ofanana. Ndaima pamenepo nthawi yaitali, koma yawo ija sindikuidziwanso.