Leopoldina Winayo

Lolemba, 8 Outubro 2012
Tchuthi chauchembere chatha. Mwana kwa apongozi, ine pa shapa, kaminibasi kathu, kuchoka ku Mpadue mpaka kunyumba ya alendo. Pageti mlonda wachilendo. Ndati ndine Leopoldina, wophika. Iye: "Dona Leopoldina alowa kale, akukazinga mazira." Ndaseka. Iye osaseka.

Lachiwiri, 9 Outubro
Ndamvetsa tsopano. Ndi Joaninha, msuweni wanga, yemwe ndinamusiya kuti andigwirizire malo. Patarawu, bwana wathu wakale, anasamukira ku Moatize ndi antchito onse ondidziwa. Watsopanoyu anangowerenga dzina pachovala chakukhitchini n'kuitana. Joaninha n'kuvomera. Mpaka lero akuvomerabe.

Lachinayi, 11 Outubro
Ndapita ndi mwana ngati umboni. Patarawu: "Leopoldina sanapiteko kutchuthi, ndimamuona tsiku ndi tsiku." Wamugwira mwana patsaya, mwana n'kumubwezera mkaka pansapato. Ndafunsa ngati wandichotsa ntchito. Akuti sangachotse munthu amene sanamulembe.
Ndalira mu shapa njira yonse. Mayi wina wandipatsa malambe, amaganiza kuti ndaferedwa.

Loweruka, 13 Outubro
Mwamuna wanga Amadeu wabwera ndi fumbi la malasha mpaka m'makutu. Ndamufotokozera zonse. Funso lake limodzi: "Ndiye ine ndinakwatira uti?" Agona pamkeka.
Mwininyumba wadutsanso. Akuti anthu akumigodi akuifuna nyumbayi, ife tiganize bwino. Kutentha. Mwana thukuta lokhalokha. Mantha.

Lamulungu, 14 Outubro
Joaninha wabwera ndi nkhuku komanso misozi. "Mana, achemwali anga, ndinkafuna kunena, koma patarawu anali atayamba kale kundiyamikira m'dzina lanu." Ndamukalipira mpaka mawu kusasa. Nkhuku tadya. Yonona.

Lachitatu, 17 Outubro
Joaninha wandipezera ntchito. Wothandizira Dona Leopoldina. Patarawu atandizindikira, msuweniyo wafulumira: "Uyu ndi msuweni wanga Joaninha, mutu unasokonekera pobereka." Munthuyo wandigwira paphewa mwachisoni.
Tsiku lonse kusenda anyezi. Akaitana Leopoldina tonse timatembenuka. Supu yake madzi okhaokha, alendo akudandaula, dzina lonyozedwa langa.

Lachisanu, 19 Outubro
Ndakafika ku ofesi yoona za ntchito. Bambo wa pamenepo wamvetsera, wavula magalasi, wawavalanso. "Mayi, mukusumira ndani? Amene akugwira ntchito yanu ndi Leopoldina, amene akudandaula ndi Leopoldina." Waitana mnzake kuti ndibwereze. Kenako wina. Akuti ndibwerenso, ena sanamve.

Lachiwiri, 23 Outubro
Joaninha ndamupeza kuseri kwa khitchini akusanza. Si supu ayi. Miyezi itatu. Wa mlonda uja!
"Mana, tchuthi chija munapempha bwanji?" Akuti nthawi ikakwana ndimugwirizire malo.
Ndati ndikaganize kaye. Leopoldina amalawirira mbandakucha, amapsa ndi mafuta, amakalipiridwa ndi alendo. Joaninha amaweruka dzuwa likadalipo, ndipo aliyense amamulankhula mofatsa chifukwa cha mutu uja.