Ku Romania Kupita Wina

Lachinayi, 14 Meyi 1998, kunyumba kuno ku South C. Tsiku landiwawa.

Miyezi iwiri ndakhala ndikuloweza za Romania m'minibasi popita kuntchito: likulu lake ndi Bucharest, mtsinje wa Danube umathira m'Nyanja Yakuda, anthu ake amakonda mpira ngati ife. Ndinkafuna ndisakaoneke mbuli kumsonkhano wa za ana amasiye wochitikira kumeneko, poti lipoti lonse lokaperekedwa kumsonkhanoko ndinalemba ndine.

M'mawa abwana andiitana. "Mayi Gondwe, tasankha a Otieno kuti apite ku Romania. Inu muli ndi khanda, mungakavutike."

Khandalo lili ndi zaka zinayi. Sanandifunse n'komwe.

Masana a Otieno abwera padesiki yanga akumwetulira. "Kodi Romania ndi kumene amakhala Papa?"

Ndawapatsa lipotilo. Kope langa la manotsi ndalibweza m'chikwama. Akafunse okha akakafika.